Kafufuzidwe ka maluwa a orchid m'nkhalango

Padziko lonse pali mitundu ya orchid pafupifupi 28,000, komabe munthu atha kudutsa nkhalango yodzaza nawo osaonako ngakhale limodzi. Chimalepheretsa ambiri ndi nyengo. Mitundu yambiri imachita maluwa masabata ochepa chabe pachaka, kenako omera pansi ambiri amafota, n'kungotsala kambatata kake m'dothi.

Choncho yambani mwadziwa nyengo. M'madera otentha, orchid omera pansi monga Habenaria, Satyrium ndi Disa amachita maluwa mvula ikakhazikika. Mitundu ina ya Eulophia siidikira mvula: imatulutsa phesi la maluwa pamalo pamene papsa, masamba n'kubwera pambuyo. Ku Ulaya ndi ku North America, Cypripedium amaoneka kwambiri mu Meyi ndi Juni. Sankhani malo amodzi, muzibwererako masabata awiri aliwonse. Kumeneko kumapindulitsa kuposa kuthamangira nkhalango yatsopano tsiku lililonse.

Mukafika, musathamangire mkati mwa mdima. Yang'anani m'mphepete mwa nkhalango, m'mbali mwa timitsinje, ndiponso pamene mtengo unagwa dzuwa n'kupeza polowera. Dothi likhale loti silinalimidwe kwa zaka zambiri. Yendani mapazi khumi, imani, njutani, muyang'ane cham'mbali molingana ndi nsonga za udzu. Orchid ambiri ali ndi maluwa obiriwira kapena oyererako, moti muli chiimire simungawasiyanitse ndi udzu.

Muzikwezanso maso. M'madera otentha mitundu yambiri imamera pamitengo, makamaka ikuluikulu yakale yokhala ndi ndere, m'mphanda za nthambi. Sikuti imayamwa mtengowo ayi, imangokhalapo. Ansellia africana ndi wosavuta kumuzindikira: amapanga chitsamba chachikulu chokhala ndi mizu yoyera yoloza kumwamba, maluwa ake achikasu a mawanga ofiirira. Kukaomba chimphepo, fufuzani pa nthambi zothyoka, chifukwa timitundu tating'ono ta pamwamba timagwa nazo.

Kodi mwapezadi orchid? Tsamba lake lili ndi mitsempha yoyenda motsatana kuchokera kutsinde mpaka kunsonga. Duwa lili ndi timasamba 6, titatu kunja, titatu mkati, ndipo kamodzi ka mkati n'kosiyana ndi tinzake: kamatambalala ngati mlomo, pena kamakhala kathumba, pena kali ndi kamchira kumbuyo. Pakati simupeza timitu tambiri ta mungu monga pa maluwa ena, koma kamzati kamodzi, mungu wake woumbika m'timibulu. Galasi lokuza zinthu ka 10 limaonetsa zimenezi bwinobwino. Duwa la Impatiens, chomera chomwe si orchid, limasokoneza anthu chifukwa nalonso lili ndi kamchira, koma mitsempha ya tsamba lake imachita nthambi.

Mukalipeza, musalikumbe. Njere ya orchid ndi yaing'ono ngati fumbi ndipo ilibe chakudya chake. Imamera pokhapokha ikakumana ndi bowa wam'dothi woiyenera, amene amaidyetsa. Kuchokera pa njere kufika pa duwa pamapita zaka zingapo. Orchid ena, monga Neottia nidus-avis wa ku Ulaya, alibe n'komwe masamba obiriwira, amadalira bowayo moyo wawo wonse. N'chifukwa chake ambiri okumbidwa amafera mumphika. Kukumba kotereku kunatha Cypripedium calceolus ku Britain mpaka kunatsala chomera chimodzi chokha kuthengo. Pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakuthengo, lotchedwa CITES, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1975, limafuna chilolezo potulutsa orchid aliyense wakuthengo kunja kwa dziko.

Samalani popondapo. Pafupi ndi duwa limene mukuliona pamakhala mbande zosachita maluwa, za tsamba limodzi, ndipo ojambula zithunzi amaziphwanya ndi mawondo osadziwa. Jambulani duwa kutsogolo ndi cham'mbali, tsamba, ndi chomera chonse, mulembe tsiku ndi mtundu wa mitengo yozungulira. Musanaike chithunzi pa intaneti, fufutani GPS, zizindikiro za malo amene mwajambulira, imene foni imasunga m'chithunzicho, pakuti okumba amatsata zomwezo.