Jenereta ikakana kulira, musathamangire kumasula injini

Jenereta yaing'ono ya petulo ikakhala miyezi ingapo osalizidwa kenako n'kukana kulira, vuto kawirikawiri limakhala mu kabureta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya. Petulo wotsalira m'kambale ka pansi pa kabureta amauma n'kusiya utomoni umene umatseka kabowo ka jeti, kachitsulo kamene petulo amadutsamo popita mu injini. Komabe yambani mwaona oyilo. Majenereta ambiri ali ndi kachipangizo kodula moto ku pulagi oyilo akachepa, moti mutha kukoka chingwe mpaka phewa kuwawa osaphula kanthu. Ikani jenereta pamalo osapendekeka n'kumasula chotsekera oyilo. Oyilo afike pakamwa pa bowolo. Injini za 196cc zimalowa malita pafupifupi 0.6 a 10W-30.

Mukatero masulani pulagi, muibwezere pa waya wake, mugunditse chitsulo chake ku thupi la injini kutali ndi bowo lake, wina akoke chingwe switchi ili pa ON. Pazioneka moto wabuluu. Mpata wa kunsonga kwa pulagi ukhale mamilimita 0.7 mpaka 0.8. Pulagi ikakhala youma gwa mutakoka kangapo choki itatsekedwa, ndiye kuti petulo sakufika.

Apa ndiye pofunika kudekha. Tsekani kampopi ka petulo, masulani bawuti ya pansi pa kambale ndi sipanala ya 10, ndipo samalani kalabala kozungulira kuti kasaduke. Jeti yaikulu ili mkati mwa chubu chapakati. Imasuleni ndi sikuludiraiva yafulati yokwana bwino, chifukwa chitsulo chake n'chofewa, sichichedwa kudyeka. Ipopereni mankhwala otsukira kabureta, kenako pisani m'kabowomo kawaya kamodzi kamkuwa kochokera mu waya wamagetsi mpaka kuwala kuzioneka mbali inayo. Singano kapena msomali ayi ndithu: bowo likakula silibwereranso, injini izingomwa petulo wambiri n'kumafuka utsi wakuda.

Injini ikamalira mokweza n'kutsitsa, kapena ikamathima mukangotsegula choki, ndiye kuti ikulandira petulo wochepa, ndipo nthawi zambiri ndi jeti yaing'ono imene yatsekeka. Ambiri amathamangira kupotokola sikuluu ya gavana, kachipangizo kowongolera liwiro la injini, komatu kutero n'kuika pachiswe zipangizo zanu zamagetsi. Jenereta wamba imazungulira ka 3000 pa mphindi kuti ipereke magetsi a 50 Hz, kapena ka 3600 pa 60 Hz. Liwiro likasintha, magetsi nawonso amasintha.

Utsi wabuluu umasonyeza kuti oyilo akupsa, mwina munathira wambiri kapena jenereta inapendekeka. Ukakhala wakuda, onani choki ndi sefa ya mpweya. Sefa yasiponji itsukeni m'madzi a sopo, iume, muidonthezere oyilo pang'ono n'kuifinya.

Injini yatsopano isintheni oyilo ikakwana maola 20, kenako maola 100 aliwonse, kapena 50 ngati imagwira ntchito pafumbi. Khuthulani oyilo injini ikadali yofunda kuti zinyalala zituluke naye. Mukafuna kuisunga kupitirira mwezi, zulani zonse zolumikizidwa, tsekani kampopi ka petulo, ilire mpaka ithime yokha, kenako khetsani petulo wotsala m'kambale.

Poyesa zonsezi, jenereta ikhale panja, mamita 6 kapena kuposa kuchoka pa mawindo ndi zitseko. Utsi wake uli ndi carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo, ndipo kutsegula chitseko cha galaja sikukwanira kuuchotsa.