Momwe mungasonkhanitsire nyimbo za m'mafilimu a Chitamil n'kumva kumene zinachokera

Kwathu kuno nyimbo iliyonse ya m'filimu ya ku India timangoti ndi ya Chimwenye, koma za Chitamil zili ndi kakomedwe kakekake. Kwawo ndi ku Tamil Nadu, kummwera kwa India, ndipo zambiri zimajambulidwa mumzinda wa Chennai, umene unkatchedwa Madras mpaka 1996. Njira ili m'munsiyi ndi imene inandithandiza kuzisonkhanitsa pa foni mpaka khutu linazolowera kusiyanitsa ng'oma za ku kachisi ndi za kumudzi.

1. Sakani ndi dzina la wopeka nyimbo

Dzina la wosewera filimu lisiyeni kaye. Kumeneko wopeka nyimbo ndiye mwini filimu kumbali ya zomveka zonse, choncho tsegulani mafoda anayi. Yoyamba ikhale ya akuluakulu a m'ma 1950 ndi 1960, K. V. Mahadevan ndi M. S. Viswanathan. Yachiwiri ya Ilaiyaraaja, amene anayamba ndi filimu ya Annakili mu 1976 n'kudzapekera mafilimu oposa 1,000. Yachitatu ya A. R. Rahman, kuyambira Roja ya 1992. Yomaliza ya a masiku ano, Santhosh Narayanan ndi Anirudh Ravichander.

2. Onetsetsani kuti mwapatsidwa za Chitamil zenizeni

Apa ndi pamene zinandivuta. Ndinapereka memory card kwa mnyamata wina woika nyimbo pamsika, ndinalipira, iye n'kundidzazira foda yolembedwa Rahman. Kufika kunyumba, nyimbo ya mu Roja imene ndinkafuna, "Chinna Chinna Aasai", inali "Chhoti Si Asha". Mayimbidwe ndi omwewo, koma chinenero ndi Chihindi. Mafilimu otchuka a Chitamil amawajambulanso m'Chihindi ndi m'Chitelugu, ndipo oika nyimbo ambiri amangounjika zonse pamodzi chifukwa kwa iwo Mmwenye ndi Mmwenye basi. Kusiyanako si kwamasewera: mlakatuli Vairamuthu analemba mawuwo moyenderana ndi kamvekedwe ka Chitamil, ndiye ukasintha chinenero, malo opumira woimba amasinthanso.

Njira yachidule yodziwira ndi kuyang'ana zilembo pa chithunzi cha nyimboyo. Za Chihindi zimalendewera pa mzere wapamwamba ngati zovala pachingwe. Za Chitelugu n'zozungulirazungulira. Za Chitamil zilibe mzerewo, zili ndi makona komanso timadontho pamwamba pa zilembo zina.

Vuto lachiwiri la khadi lija linali kukula kwa mafailo. Mnyamatayo anawafinya kuti alowe ambiri, ndipo chimene chimayamba kufa mukatero ndi mawu okwera aja, nyimbo n'kumamveka ngati yaphimbidwa. Ng'oma ya mridangam ili ndi nkhope ziwiri, ndipo kumanzere woimba amamatako kaphala ka ufa kuti izilira mozama. Pa failo yofinyidwa kwambiri kulira kumeneko kumatsala, koma kuthetheka kwa kumanja sikumveka bwino. Nyimbo ya mphindi zisanu iyenera kukhala pafupifupi 5 MB kapena kuposa. Mukaona ya 2 MB, ikaneni, ndipo musalipire musanamvere ziwiri kapena zitatu pomwepo. Ine masiku ano ndimangogula bandulo ya usiku, yotsika mtengoyo, n'kumvera pa YouTube. Zakalekale zambiri zili pa tsamba la Saregama. Maheadphone a pa depoti aja amameza besi, bola kuwonjezera pang'ono n'kugula abwino kamodzi.

3. Yambani ndi ku kachisi

Pezani nyimbo za Thillana Mohanambal, filimu ya 1968 imene anapekera Mahadevan. Mumva nadaswaram, chitoliro chachitali chofuula kwambiri, ndi ng'oma yake ya thavil. Ziwirizi zimaimbidwa m'makachisi ndi pa maukwati. Pano phunziraninso kuwerenga adi tala, kugunda kasanu ndi katatu kwa nyimbo zachikhalidwe za kummwera kwa India zotchedwa Carnatic: ombani pantchafu, werengani zala zitatu kuyambira chaching'ono, ombani n'kutembenuza dzanja, ombaninso n'kutembenuzanso. Mukazolowera, mudzaipeza m'nyimbo zambiri, ngakhale zaphokoso za lero.

4. Khalitsani pa Ilaiyaraaja

Bamboyu anabadwa mu 1943 m'mudzi wa Pannaipuram, ndipo ndi amene analowetsa mwamphamvu nyimbo za kumunda ndi kumudzi m'mafilimu. Tcherani khutu ku parai, ng'oma yafulati yoimbidwa ndi timitengo tiwiri, imene kwa nthawi yaitali inkaimbidwa pa maliro ndi anthu onyozedwa m'kachitidwe ka kusankhana mitundu ku India. Nyimbo zake zimayamba ndi pallavi, mbali yobwerezabwereza, kenako charanam, ndime. Chuma chili pakati pa ziwirizi, pamene woimba wakhala chete: mavayolini, chitoliro ndi gitala ya besi zimayankhizana, chilichonse chikuyenda njira yake. Musamadumphe mbali imeneyi. Kwa ine mphindi imodziyo imaposa nyimbo zathunthu za opeka ena ambiri. Kuti mumve Carnatic m'manja mwake, pezani Sindhu Bhairavi ya 1985.

5. Rahman ndi otsatira

Rahman ankaimba kiyibodi m'gulu la Ilaiyaraaja asanayambe zake. Mvereni ndi maheadphone, mufanizire mmene amayalira mawu ndi makina. Kenako sakani gaana, nyimbo za m'makwalala a kumpoto kwa Chennai zimene wopeka nyimbo Deva anatchukitsa m'ma 1990, musanafike kwa Santhosh Narayanan.

6. Lembani mayina bwino

Failo iliyonse ikhale ndi filimu, chaka ndi wopeka. Sungani kope pa kompyuta, makhadi otsika mtengo sachedwa kufa.