Momwe mungadziwire giredi ya makoini akale amene muli nawo kunyumba

Ine ndinayamba izi pamene ambuya anga ku Chilenje, mu Lusaka, anandisiyira kachitini ka tiyi kodzaza mangwee a 1968, matiki (makoini a mapeni atatu) a nthawi ya Federation of Rhodesia and Nyasaland ndi five shillings imodzi ya 1965 ya mutu wa a Kaunda. Anthu ambiri amaganiza kuti koini ikakhala yakale ndiye kuti ndi yodula basi, ayi, chomwe ogula amayang'ana kwambiri ndi giredi, kutanthauza kuti yatha bwanji ndi manja a anthu.

Choyamba yalani kathaulo patebulo pafupi ndi windo, koini muzigwira m'mbali chabe ndi zala ziwiri, chala chikagunda pankhope chimasiya chidindo chomwe sichichoka. Mufunika kagalasi kokulitsira, osunga makoini amati loupe, ka 10x ndi kokwanira. Kanga ndinagula ku Kamwala motchipa ndipo kakugwirabe ntchito, musalole munthu akugulitseni zamagetsi zodula muli poyambira.

Mbali ya mutu amati obverse, kuseri ndi reverse. Manje yang'anani malo otukuka chifukwa ndi omwe amayamba kusalala. Pa mangwee athu ndi tsitsi la a Kaunda, khutu ndi tsaya. Tembenuzani 2 ngwee muone nthenga za chiwombankhanga ngati zikuwerengeka, kapena pa 50 ngwee ya FAO (bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi) ya 1969 muone maso a chimanga.

Sikelo yomwe ambiri amatsata ndi ya William Sheldon ya 1949, imayambira pa 1 kufika 70. Good ndi 4, dzina lisakunamizeni, koini ya Good ndi yotha kwambiri, mutu uli ngati mthunzi koma chaka chikuwerengeka. Fine ndi 12, Very Fine imayambira 20 pomwe tsitsi likuoneka koma pamwamba pasalala, Extremely Fine 40, About Uncirculated 50 mpaka 58. Kuyambira 60 ndi Mint State kapena UNC (Uncirculated), koini yomwe sinagulepo ngakhale chitumbuwa. Ipendeketseni pang'onopang'ono pakuwala, ngati kuwalako kukuzungulira ngati masipoko a njinga, imeneyo ndiye luster ya ku fakitale. Proof si giredi, ndi kapangidwe kapadera konyezimira ngati kalilole.

Apa ndiye mumvetsere bwino. MUSATSUKE. Five shillings ija inali yakuda pang'ono m'mbali, ine ndinaona ngati ndi litsiro, ndinatenga phulusa ndi ndimu monga timachitira ndi mapoto nkupukuta mpaka inawala, mumtima ndikuti ndaikonza. Nditapita nayo kwa mdala wina amene wasunga makoini zaka zambiri anaiyika pansi pa loupe osalankhula kanthu, kenako anandipatsa kuti ndione ndekha. Nkhope yonse inali timizere ting'onoting'ono tolowera mbali imodzi ngati pansi posesedwa ndi tsache. Amati hairlines. Anati mwana wanga, kuda kuja ndi toning, ogula amakukonda, ndipo luster ikachoka sibwereranso. Tsitsi linali lonse bwinobwino, koma koini yotero imangolembedwa kuti cleaned ndipo mtengo umagwa kwambiri. Chinandiwawa si ndalama chabe, ambuya anaisunga m'kansalu zaka zonsezo osaikhudza, ine ndinaiwononga masana amodzi. Choncho Brasso, mankhwala otsukira mano, viniga, sitiliwulu, zonsezo kutali. Ngakhale kupukuta ndi malaya kumasiya timizere.

Chenjeraninso ndi anyamata ena mu tauni omwe amanena kuti peni yobowola pakati ya Rhodesia and Nyasaland ili ndi ogula akunja a madola ambiri, koma muyambe mwalipira ya testing. Mapeni amenewo anapangidwa ochuluka zedi, yotha ndi manja ilibe mtengo waukulu. Enanso pa Facebook amalemba UNC pa koini yopukutidwa, pemphani chithunzi cha mbali zonse chojambulidwa pakuwala kwa dzuwa musanatumize kalikonse.

Mukasankha giredi tsitsani sitepe imodzi, koini yako umaiona bwino kuposa momwe ilili. Yerekezani ndi zithunzi pa Numista, webusaiti ya makoini. Sungani iliyonse payokha mu kakatoni kosungira makoini ka mainchesi 2x2, mapulasitiki ofewa a PVC amabweretsa zobiriwira. Zotumiza ku NGC kapena PCGS, makampani a ku America opereka giredi, kuti akaitsekere mu kabokosi ka pulasitiki yolimba kotchedwa slab, pa mangwee wamba ndalama yotumizira ipitirira mtengo wa koiniyo, zisiyeni pokhapokha muli ndi chinthu chosowadi.