Mmene mungakhazikitsire thupi pansi mantha akale akabwerera

Anthu amangoti zinadutsa kale iwalani, koma thupi siliiwala msanga ayi. Mumangoona mapewa auma, mtima uli thi thi thi, tulo osabwera, chonsecho lero palibe chomwe chachitika.

Zikayamba choncho khalani pampando, mapazi onse aponde pansi ndithu. Yang'anani mchipindamo pang'onopang'ono, tchulani zinthu zisanu zomwe mukuona. Kenako kokani mpweya mukuwerenga mpaka 4, potulutsa mpaka 6 kapena 8, chifukwa kutulutsa mpweya motalika kumadzutsa mtsempha wa vagus womwe umachepetsa liwiro la mtima.

Apa ndiye pofunika kwambiri, musathamangire pomwe pakupweteka. Pezani kaye malo mthupi omwe ali phee, kaya manja kaya mapazi, khalani pamenepo kaye, kenako suzumirani pachifuwa polemerapo masekondi ochepa basi nkubwereranso kwabata kuja. Njira yothandizira anthu omwe anakumana ndi zoopsa yotchedwa Somatic Experiencing, yomwe anayambitsa katswiri wina dzina lake Peter Levine, imayenda chonchi, pang'onopang'ono. Mukayamba kunjenjemera, kuyasamula olo misozi kutuluka musaope, zimachitika.

Koma ngati zakalezo zikubwera mwamphamvu mpaka mukuona ngati zikuchitikanso, siyani pomwepo, imirirani muyendeyende, ndipo pezani katswiri wa zamaganizo muzichita naye limodzi.