Kuphunzitsa ana tanthauzo la zinthu za pa Khirisimasi

Mayi wina wa ku Chitakale akuti ana ake amangodziwa kuti Khirisimasi ndi mpunga wa nkhuku ndi zovala zatsopano. Ayambire pati?

Mayi, yambani ndi nkhani ya kubadwa kwa Yesu. Madzulo a pa 24 Disembala awerengereni Luka 2:1-20, kenako afunseni chimene chawadabwitsa. Ambiri amatchula khanda logonekedwa modyera ziweto.

Kukacha, apatseni dongo aumbe khola, nkhosa ndi abusa. Chimene mwana waumba yekha sachiiwala, ndipo pamenepa mpofotokozera kuti Mfumu inabadwira paumphawi, oyamba kumva uthenga n'kukhala abusa wamba.

Kenako adule nyenyezi papepala, muwerenge Mateyu 2:1-12. Anzeru akum'mawa anabweretsa golide, lubani ndi mure. Ndiye musanawapatse zovala zija, aliyense asankhe kanthu kokapatsa agogo kapena mnzake wosowa.

Usiku yatsani kandulo, muwerenge Yohane 8:12, pamene Yesu akudzitcha kuwala kwa dziko.

Za mtengo wa Khirisimasi musavutike nazo, si lamulo la m'Baibulo. Ana akaumirira, nthambi ya paini ikwana. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje ndi wotetezedwa, musaudule.