Mukapita kukasinthitsa galimoto, yambani mwagulitsa yakale

Tsiku limene ndinasinthitsa galimoto yanga yoyamba ndinabwerera kunyumba ndikudzitama. Inali Toyota Corolla ya 2009, yotuwa, itayenda makilomita opitirira 180,000. Sinditchula kuti ndalama zake zinali za dziko liti, tigwire manambala okha. Malo oyamba ogulitsa magalimoto anati yakaleyo aitenga pa 5,000. Malo achiwiri anati 6,000, wogulitsayo n'kundigwira chanza ngati ndawina mpikisano. Ndinasaina pomwepo. Usiku mkazi wanga anayala mapepala a malo onse awiri patebulo, kenako anafunsa mofatsa: "Nanga ifeyo tawonjezera zingati?" Kumene ndinagulako, galimoto inayo anailemba 20,000, ndiye ndinawonjezera 14,000. Kumene ndinakana kuja, ya mtundu womwewo, chaka chomwecho, inali pa 18,500. Ndikanawonjezera 13,500. Ndinalipira 500 yapamwamba kuti andiyamikirire Corolla yanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuchokera nthawi imeneyo ndasinthitsa zina ziwiri, ndaperekezanso abale kangapo, ndipo chimene ndagwira n'chakuti zimene amati trade-in ndi malonda awiri omangidwa m'phukusi limodzi. Inu mukugulitsa, inu nomwe mukugulanso, kwa munthu mmodzi yemweyo amene amachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Malinga ngati phukusilo lili lomanga, akhoza kukupatsani ndi dzanja lamanja n'kulanda ndi lamanzere. Ntchito yanu ndi kulimasula.

Muyambe mwamvetsa mmene iye amawerengera, chifukwa sikuti nthawi zonse amakhala akukuberani. Akaona galimoto yanu, m'mutu mwake mumabwera mtengo umene angaigulitse. Pamenepo amachotsa zokonzetsa: matayala, mabuleki, penti, kutsuka. Amachotsanso phindu lake ndi ndalama ya masiku amene idzakhale pabwalo ikudikira wogula. Tinene kuti angaigulitse 7,500, zokonzetsa n'kukwana 700, phindu 1,000. Yanu ndi 5,800. Ngati ndi galimoto yoti iye sangaiike pabwalo pake, chifukwa yakalamba kwambiri kapena si mtundu umene makasitomala ake amafuna, amadziwa kuti akaitaya ku okushoni, ndiye amakupatsani mtengo wa ku okushoni kapena wochepera pamenepo. N'chifukwa chake galimoto imodzi yomweyo imalandira mitengo yosiyana kwambiri tsiku limodzi. Wina akuiona ngati katundu woti sabata yamawa wapita, wina akuiona ngati mtolo.

Musanatuluke pakhomo, fufuzani mitengo. Mayiko ambiri ali ndi kumene anthu amaonera mitengo ya magalimoto: ku America kuli Kelley Blue Book, imene inayamba kusindikizidwa mu 1926, ndi Edmunds; ku Britain ambiri amaona pa Auto Trader; ku Australia kuli RedBook. Mumalemba mtundu, chaka ndi makilomita, n'kukupatsani mitengo yosiyana: wosinthitsira, wogulitsa nokha kwa munthu, pena ndi umene ogulitsa magalimoto amaikapo. Wosinthitsira ndiwo umakhala wotsikitsitsa, ndipo ndi umenewo ukukukhudzani. Anthu ambiri amakwiya chifukwa amafika atanyamula m'mutu mtengo wa pabwalo. Pofunsidwa kuti galimoto ili bwanji, musadzinamize. Tonsefe dzanja limathamangira pa bokosi lonena kuti ili bwino kwambiri, chonsecho mpando wa dalaivala unang'ambika kalekale. Kenako onani zotsatsa malonda za magalimoto ofanana ndi yanu, zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, za chaka chomwecho ndi makilomita oyandikana. Zijambuleni pafoni. Ukamanenerera ndi chithunzi m'manja, mawu ako amalemera.

Pa zokonzetsa ndili ndi maganizo anga, ndipo makaniko ena sagwirizana nane. Zikuluzikulu musakonze. Giyabokosi, kupenta chitseko chonse, kugula matayala anayi atsopano, zonsezi iwo amachita motchipa kuposa inu, chifukwa ali ndi galaja yawo ndipo zipangizo amagula zambiri nthawi imodzi. Mukawononga 800, mtengo sukwera ndi 800. Koma zing'onozing'ono musazisiye: babu lakupsa, mawaipa othothoka, madzi otsukira galasi. Tsukani m'kati ndi kunja, chotsani zonse za m'buti, ndipo ngati mumasuta fodya kapena kunyamula galu, limbanani ndi fungolo masiku angapo pasadakhale. Woyesa galimoto akatsegula chitseko n'kumva fungo, amayamba kuganiza kuti oyilo nayenso simunkamusamala.

Chimene chimandithandiza kwambiri ndi envelopu ya malisiti. Sevisi iliyonse, batire, mabuleki, zonse ndimasunga motsatira madeti. Ngati injini yanu ndi ya timing belt, lamba woyendetsa zipangizo za m'kati mwa injini, ndipo munasinthitsa posachedwa, lisiti limenelo likhale pamwamba, chifukwa ndi ntchito yodula imene iwo safunikanso kuichita. Kiyi wachiwiri mumufunefune mpaka apezeke. Makiyi a masiku ano ali ndi kachipangizo koti kalumikizidwe ndi kompyuta ya galimoto, ndiye kupangitsa wina si kutchipa, ndipo akasowa amakudulani.

Pali chinyengo china chimene mlamu wanga anayesa ine ndili pomwepo. Getsi la injini linkayaka pa dashibodi, iye n'kuchotsa waya wa batire m'mawa kuti lizime. Linazimadi. Titafika, mnyamata woyesayo anagwada, n'kulumikiza kamakina pa kabowo ka mapini 16 kamene kamakhala mmunsi mwa chiwongolero. Kabowoko kamatchedwa OBD-II, ndipo magalimoto ogulitsidwa ku America akhala nako kuyambira 1996, apetulo a ku Ulaya kuyambira 2001. Ukafufuta zolakwika pochotsa batire chonchi, kompyuta ya galimoto imayambanso pachiyambi kudziyeza, ndipo kamakinako kamaonetsa kuti kuyezako sikunathe. Mnyamatayo sanakalipe. Anangoti, "Akulu, batire mwachotsa liti?" Kuyambira pamenepo chilichonse chimene mlamu ananena sichinamvekenso. Getsi likayaka, pitani kwa makaniko wanu akakuuzeni vuto lenileni ndi mtengo wokonzetsa. Pena chimakhala chivindikiro cha thanki chosatseka bwino. Vuto losadziwika amalidula mtengo wa vuto lalikulu kwambiri limene angaganizire, pamene lodziwika lili ndi malire.

Tsopano gawo limene ambiri amalumpha chifukwa cha ulesi. Patulani tsiku limodzi loyenda ndi galimoto yanu kumalo atatu, osatchula n'komwe zogula ina. Mungoti, "Ndikugulitsa iyi, mungaitenge pa zingati?" Pakati pa atatuwo pakhale amene amagulitsa mtundu womwewo wa galimoto yanu, chifukwa nthawi zambiri iwo ndiwo amaifuna kwambiri. Pakhalenso kampani yongogula magalimoto, ngati kwanuko ilipo. Aliyense akulembereni papepala, ndi deti. Mitengo yotere imakhala ndi malire a masiku ochepa, kawirikawiri sabata imodzi, ndiye musayende ulendowu kudakali mwezi wathunthu. Pepala lokwera kwambiri ndilo mtengo wotsikitsitsa umene mungavomere. Wina aliyense akafuna galimotoyo, ayambire pamenepo.

Poyesa galimoto pali kasewero kamene ndimakonda kuonerera. Woyesayo amazungulira mwakachetechete. Akafika pokalika amaima, n'kuyendetsa chala pamenepo pang'onopang'ono, osanena kanthu. Akafika pa tayala amalowetsa chala m'mizere, n'kupukusa mutu pang'ono. Akudikira inu. Ulendo woyamba uja ine ndinayamba kulapa ngati ndili pamaso pa abusa: apo ndinagunda geti, apo ndi ana, giya yachiwiri imavutako m'mawa kukazizira. Chiganizo chilichonse chinali ndalama yotuluka m'thumba mwanga. Sindikuti muname. Akakufunsani ngati inachitapo ngozi, nenani zoona, ndipotu ambiri ali ndi kachipangizo koyeza kukhuthala kwa penti, komanso amafufuza mbiri ya galimoto ndi nambala yake yapadera yoizindikirira, imene amati VIN. Koma chala chikaima pokalika, si funso limenelo. Khalani chete, kapena mupatseni envelopu ya malisiti aziwerenga.

Matayala muwadziwe iye asanawagwire. M'mizere muli timizere topingasa timene timafanana ndi pamwamba pa tayala likatsala mamilimita 1.6, amene ndi malire a lamulo m'mayiko ambiri. M'mbali mwa tayala, kumapeto kwa zilembo zoyamba ndi DOT, muli manambala anayi: 3521 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 35 ya chaka cha 2021. Akanena kuti matayala onse ndi otha pamene inu mukudziwa kuti awiri ali ndi chaka chimodzi, muli ndi choyankha. Mtengo ukabwera wotsika, funsani kuti, "Mwachotsa chiyani ndi chiyani, pa zingati?" Wina ananditchulira mabuleki, ine n'kutulutsa lisiti la miyezi itatu yapitayo. Nambala inasintha ndisanakhale pansi.

Kiyi mmodzi apatseni, wachiwiri akhale m'thumba mwanu kufikira mutasaina. Ndinakhalapo pa mpando kwa nthawi yaitali ndikuuzidwa kuti kiyi ali ndi bwana, bwana ali pafoni, pamene wogulitsa ankandibweretsera mapepala atsopano mphindi zingapo zilizonse. Munthu amene sangathe kunyamuka sanenerera.

Mukakhala padesiki, funso loyamba limakhala lakuti, "Bwana, mungakwanitse zingati pamwezi?" Musayankhe. Ena amajambula pepala la zigawo zinayi: mtengo wa imene mukugula, mtengo wa yakale, dipoziti, ndi ya pamwezi. Mukadandaula pa chigawo chimodzi amakonza pamenepo, n'kusuntha china chimene simukuyang'ana. Onani izi, tisanawerengere n'komwe chiwongoladzanja: ngongole ya 14,000 pa miyezi 60 ndi pafupifupi 233 pamwezi, pamene ya 15,500 pa miyezi 72 ndi pafupifupi 215. Yachiwiriyo imamveka yopepuka, koma mwawonjezera 1,500 ndi chaka chathunthu cha chiwongoladzanja. Ine ndimati tigwirizane kaye mtengo wonse wa imene ndikugula, msonkho ndi zolipira zina zonse zili momwemo, ulembedwe. Zikatha izo m'pamene ndimatulutsa pepala langa lija: "Yakaleyi ena andipatsa mwakuti. Mufikapo?" Akafunsa koyambirira ngati ndili ndi yosinthitsa, sindibisa. Ndimangoti ilipo, ili kale ndi wogula, tikambirana tikamaliza iyi. Pomaliza ndimachotsera ndekha pa foni, ndipo nambala yotsalayo, ya ndalama yowonjezera, ndi imene ndimayerekeza ndi ya malo ena.

Ngati galimoto yanu idakali pa ngongole, imbirani okubwerekaniwo akupatseni ndalama yeniyeni yotsekera ngongoleyo, ndi tsiku limene nambalayo ithere mphamvu, chifukwa chiwongoladzanja chimakwera tsiku lililonse. Mukakhala ndi ngongole ya 7,000 pamene galimoto akuitenga pa 5,500, pali dzenje la 1,500. Wogulitsa akati "musadandaule, ngongole yanu tilipira ndife", dzenjelo silinakwiririke. Alisamutsira mu ngongole yatsopano, ndipo muzilipira chiwongoladzanja pa galimoto imene wina akuyendetsa. Ngati mungathe, lipirani kusiyanako ndi ndalama yanu, apo ayi dikirani miyezi ingapo ngongole itsike. Mukasinthitsa ndithu, pakatha sabata ziwiri funsani kubanki ngati ngongole yakaleyo yatsekedwadi. Dzina limene lili pamenepo ndi lanu, si la wogulitsa.

Kugulitsa nokha kwa munthu kumabweretsa zambiri pafupifupi nthawi zonse, koma kumadya nthawi, mafoni a anthu ongofunsa, ndi mantha a ndalama zachinyengo. Palinso za msonkho. M'madera ena, monga zigawo zambiri za ku America, msonkho wogulira amauwerengera pa kusiyana kokha. Ngati uli 6 pa 100 iliyonse ndipo yakale aitenga pa 6,000, mwapulumutsa 360. Ndiye wogula wapadera akakupatsani 6,300, kwenikweni wakupatsani zochepa. Funsani mmene lamulo la kwanuko lilili musanasankhe. Ine kusiyana kukakhala kochepa ndimasinthitsa, mtima ukhale m'malo. Kukakhala kwakukulu ndimapirira mafoniwo.

Pepala lomaliza liwerengeni ngati simunamvepo zimene mwagwirizana. Mtengo wa yakale ukhale pamzere wakewake, wofanana ndi umene munamvana. VIN ili ndi zilembo ndi manambala 17, ndipo pa magalimoto ambiri imaoneka pakona ya mmunsi mwa galasi lakutsogolo. Yerekezani ndi imene yalembedwa, limodzi ndi makilomita a tsikulo. Tengani umboni wolembedwa woti galimotoyo yachoka m'manja mwanu, mudziwitse ofesi yolembetsa magalimoto monga lamulo la dziko lanu likunenera, ndipo a inshuwalansi muwauze tsiku lomwelo.

Musanapereke kiyi wachiwiri uja, khalani pa mpando wa dalaivala mphindi zisanu. Chotsani foni yanu pa Bluetooth, fufutani manambala a anthu ndi malo osungidwa pa mapu, makamaka pamene munalemba kuti kunyumba. Pisani pansi pa mipando, m'matumba a kuseri kwake, ndi pansi pa kapeti ya m'buti pamene pamakhala tayala lapadera. Mu Corolla ija ndinasiyamo kiyi wa geti la kunyumba, ndipo nditabwerera patatha masiku atatu ndinapeza itapita kale ku okushoni.