Mwana akakufunsani za "dhow", yambirani ku msika wa Taifa

Mdzukulu wanga wa Fomu 2 anabwera kunyumba ku Chibavi, ku Mzuzu, ndi liwu lakuti dhow m'kope mwake, pambali atalemba kuti "bwato la Aluya", basi. Ine sindinakhutire. Mmene tinalilondolera ndi umu, nanunso mutha kutero.

Yambani ndi katchulidwe: "h" uja samveka, mumangoti dau. Kenako mtengeni mwanayo mupite naye ku Taifa, kumene kuli amalonda olankhula Chiswahili. Ife tinafunsa mayi wina wa zitenje. Anaika sizasi pansi n'kuti, "Dau ndi bwato la tanga, akachuluka ndi madau." Anatchulanso jahazi, lalikulu lonyamula katundu, ndi mashua. Atafika pa ngalawa ndi chombo, mwana uja anandikoka malaya: "Agogo, si Chichewa chimenecho?" Apa musafulumire. Msiyeni adzionere yekha kuti mawu amenewa timagawana ndi anthu a kugombe la Indian Ocean, ngakhale thanga lathu lija ndi tanga lawo.

Mukabwerera tsegulani dikishonale ya Chingerezi. Ambiri amalumikiza liwu la dhow ndi liwu la Chiarabu lakuti dawa, ndipo Angerezi anayamba kulilemba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Musalisokoneze ndi dawa wa Chiswahili, amene ndi mankhwala. Eni mabwatowo amawatchula malinga ndi mapangidwe ake: sambuk, boom, ndi baghlah, dzina lotanthauza nyulu.

Mwanayo ajambule thanga la ngodya zitatu, lomangidwa pamtengo wautali wopendekeka. Mumuuze za mpoto ndi mwera wa kunyanja kwathu kuno, amvetsa msanga mphepo ya kaskazi imene inkabweretsa madau ku Zanzibar kuchokera ku Arabia ndi India, ndi kusi imene inkawabweza kwawo.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musamubisire za akapolo. Jumbe Salim bin Abdullah atakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, madau ake ankaolotsa minyanga ya njovu ndi anthu omangidwa, makolo athu, kupita tsidya lija, n'kuwayendetsa pansi mpaka ku Kilwa. David Livingstone anakumana naye komweko mu 1863.

Mukapeza ya thiransipoti pa holide, tsikirani ku Nkhata Bay mukakwere Ilala mpaka ku Likoma. Kumeneko madau akadaoloka kupita ku Mozambique, atanyamula matumba a ufa, nkhuni ndi anthu, ndipo mwanayo akaligwire thangalo ndi dzanja lake.